Chulu cha Amayi Anga Chinakwera Lole

Iwe Madalitso, munthu uja unabwera naye dzulo, wa nsapato zosongoka uja, amayeza chiyani kuseri kwa khola? Usandiuze kuti amangoona malo. Munthu wongoona malo sayenda ndi tepi m'thumba. Maso angawa anafooka pa zilembo za m'buku la nyimbo zokha, koma mlendo akamazungulira chulu changa ndimamuona bwinobwino, mpaka fumbi la pa nsapato zake. Takhala pansi. Nawe Tiyamike, foniyo taiika pamkeka, siithawa. Poti mwapangana kuti chulu chotsalachi nachonso chipite ku tauni, lero mumva mmene chinzake chinapitira.

Mukuyang'anana chiyani? Simukudziwa kuti chinalipo chinzake? Koma ana inu mumanditopetsa. Dzenje lija la kumunsi kwa munda, lomwe mumati kudamu, mumayesa analenga ndi Mulungu? Pamenepo panali chulu chachitali kuposa denga la nyumba ino, ndipo pamwamba pake panali mtengo wa bwemba woti munthu mmodzi sakanatha kuukumbatira. Chinali cha amayi anga, iwonso anachita kusiyiridwa ndi amayi awo. Kuno kwathu munda ndi wa akazi, mwamuna amachita kubwera, zimenezo mukuzidziwa. Chomwe simukudziwa n'choti chulu nachonso chimakhala ndi mwini wake. Ukhoza kudutsa m'munda mwa mnzako, ukhoza kuthyola therere m'malire osapempha, koma kukatchera ngumbi pachulu cha eni unali mlandu woti nkhuku inkachoka pakhomo.

Inu ngumbi mumadziwa za m'timapepala ta pulasitiki za pa Lirangwe, zomwe mumadya mukuyenda mumsewu, manja osasamba. Ife tinkachita kuzikonzekera. Mitambo ikayamba kusonkhana cha ku Michiru uko, amayi ankapala udzu wa pachulu, kusesa chonse, n'kuyang'ana pomwe chiswe chamata dothi latsopano. Cham'munsi mwake ankakumba kadzenje n'kukwiriramo mtsuko mpaka m'khosi. Kenako tinkazika timitengo n'kutipinda, pamwamba kufunditsa udzu ndi masamba a nthochi, kusiya kabowo kamodzi kokha moyang'anizana ndi mtsuko uja. Ngumbi ikatuluka imathamangira kowala, ndiye zonse zinkakhamukira pakabowopo n'kumagwera mumtsuko. Agang'a, chiswe cha mitu ikuluikulu chija, ankatiluma mpaka zala kutuluka magazi, koma panalibe wolira. Tikatero kukazinga, kuyanika pamphasa, kupeta mapiko ndi lichero. Nyumba yonse inkanunkhira mafuta mpaka sabata kutha.

Muzikumbukiranso kuti ngumbi zimabwera nthawi yomwe nkhokwe yayamba kuonekera pansi. Chimanga chakale chikutha, chatsopano sichinafike n'komwe m'mawondo. M'mbali mwa chulumo tinkadzala maungu ndi mapira osathira kanthu, ndipo zinkabereka zedi, pomwe munda wonsewu mukuudziwa, ndi mchenga wokhawokha. Bwemba tinkaviika n'kuthira m'phala shuga akasowa. Chulu chimenecho chinali nkhokwe yathu yachiwiri.

Tsono musamayese kuti ine ndimadana ndi tauni. Uyu Tiyamike amauza anzake kuti agogo ndi achimidzi, amaopa magalimoto. Ndinakumva, usakane. Ine? Ndinayamba kupita ku Blantyre mayi wanu asanaganiziridwe n'komwe. Ulendo woyamba ndinapita ndi amayi ndili kamtsikana, aliyense dengu lake la ngumbi pamutu, wapansi mpaka pa Lirangwe. Nsapato zawo amayi ananyamula m'manja njira yonse, n'kukavala titatsika basi, kuopa kuti zitha msanga. Basiyo inkabwera ikafuna yokha. Madengu padenga, nkhuku pansi pa mipando, fumbi kulowa pawindo mpaka nonse kufanana nkhope. Inu mukakhala pa siteji kanthawi kochepa mumayamba kudandaula, mpaka kuimbira foni munthu woti adzakutengeni pakhomo. Pambuyo pake, chipani chitalimba, panaonjezekera za khadi la umembala. Pachipata cha msika pankaima anyamata a malaya ofiira, ndipo ukaiwala khadi unkabwerera ndi dengu lako lodzaza. Langa ndinkalisunga pachifuwa mpaka linafewa ndi thukuta.

Ndinauona mzinda wa Blantyre ukukula, ngati mwana wa mnzako amene umakumana naye pamaliro pokha: ulendo uno akukufika m'chiuno, ulendo winawo wakupitirira. Ndili mtsikana, ukadutsa Lunzu unkaona tchire ndi minda mpaka kuyandikira m'tauni mwenimweni. Kenako kunabwera mafakitale, a nsalu, a sopo, a machesi, a zakumwa. Fakitale ikangoima, anthu amabwera, a ku Mulanje, a ku Zomba, a ku Nsanje, ena a kumpoto olankhula zoti ife sitinkamva. Onsewo akufuna pogona. Ndiye Ndirande anayamba kukwera phiri, Chilomoni anatambasuka, ndipo ku Chirimba, kumene tinkadutsa ng'ombe zikudya msipu, kunadzaza nyumba. Anthu onsewo kukacha akufuna kudya, koma palibe ali ndi munda.

Ankawadyetsa ndani? Ife. Tomato, nkhwani, nandolo, nkhuku, nkhuni, makala, zonse zinkakwera ndi msewu womwewu. Bambo wa tayi, wogwira ntchito mu ofesi, ankaima pa dengu langa akumeza malovu. "Mayi, ngumbizi n'za kuti?" Ndikangoti za ku Lirangwe, ankatambasula kale kampango koti ndimuthirire. Pobwerera dengu lomwelo linkanyamula mchere, sopo, palafini, shuga wa pa Khirisimasi, ndi yunifolomu ya Esinati, mayi wanuyo. Msika wa pa Lirangwe womwe mumauyesa wachikhalirewu unakula ndi zomwezo, magalimoto opita ndi ochokera m'tauni kuima, anthu kutsika, kugula. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinkaona ndi maso kuti ife ndi tauni tinkadyetsana. Chaka chilichonse chulu changa chinkapita ku Blantyre mu dengu, koma ndikabwerako ndinkachipeza chili pomwepo m'munda.

Agogo anu aamuna, a Lusiyasi, kwawo kunali ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege. Anabwera kuno chikamwini ndi njinga yakuda ndi kasutikesi. Munthu wabwino, wosamwa, wosamenya, koma mutu wodzaza mapulani ngati iweyo Madalitso, ndiye usaseke. Ankagwira ntchito pabwalo pomwepo, yonyamula katundu wa apaulendo. Lolemba m'mamawa kupalasa njinga, Loweruka kubwera ndi buledi ndi nkhani za azungu. Masiku amenewo ndege zonse za kunja zinkatera pa Chileka, ndipo msewu wa kumeneko unali ndi moyo. Amayi a nthochi, amuna a ziboliboli, a matakisi, ochapa zovala za ogwira ntchito, aliyense ankatolapo kake.

Kenako boma linati likulu lipite ku Lilongwe, ndipo patapita zaka anamanganso bwalo lalikulu konko. Ndege zikuluzikulu zinasamuka. Pa Chileka panatsala zing'onozing'ono, masutikesi anachepa, manja owanyamula anachuluka. Tsiku lina pakati pa sabata ndinangoona njinga yakuda ikulowa pakhomo dzuwa lili pamutu, bulangete atamangirira pa kaliyala. Sindinafunse, ndinangowapatsa madzi akumwa. Masiku amenewo zotere sunkadandaula mokweza. Unkangoti zili bwino, chitukuko chapita kwa anzathu, kwinaku ukucheuka kuona ngati wina wamva.

Mwamuna wozolowera yunifolomu kumukhazika pakhomo ndi khasu, mavuto. Anayesa kuotcha makala, chifuwa chinakana. Anapita kukafuna ntchito ku mafakitale, anakapeza mzere wa anthu pageti wofika mpaka kumsewu. Ndiye kunatulukira mkulu wina wa lole ya buluu, womanga nyumba ku Ndirande, amene ankayenda m'midzi muno kufuna njerwa. Nayenso anali ndi nsapato zosongoka, kaya amagula sitolo imodzi anthu amenewa. Anaima m'munda mwanga, anatapa dothi la pachulu, kulilavulira, kulifinya m'manja, n'kunena kuti dothi lotere ku tauni kulibe, njerwa yake ukaigogoda imalira ngati belu.

Tikudya madzulo ake, agogo anu anayamba kuizungulira nkhani.

"Amake Esinati, mwaona nyumba za anzathu ku Chileka? Njerwa zootcha, pamwamba malata. Inu mpaka liti kuzira ndi kufolera chaka ndi chaka?"

"Nenani zomwe mukufuna kunena, bambo."

"Chulu chija chikhoza kutithandiza. Uvuni woyamba ndi wachiwiri tigulitse, wachitatu ndi wanu. Ndikumangirani nyumba yoti anthu odutsa azilozerana."

"Nanga ngumbi?"

"Aaa, inunso! Tizilombo touluka tomweti? Dziko likutukuka, inu mudakali pa ngumbi."

"Tizilombo tomweto ndi tomwe tinagula malaya mwavalawo. Ndiponso chulu si changa ndekha, n'cha Esinati ndi ana amene adzabereke. Musachikhudze."

Ndinayesa nkhani yathera pomwepo, poti mkamwini sangakumbe nthaka ya eni popanda womuloleza. Koma womulolezayo analipo. Achimwene anga a Wadisoni ndiwo anali mwini mbumba, munthu woyenera kuyang'anira ife alongo ake ndi minda yathu. Tsono a Wadisoni anali ataona wayilesi ya mabatire m'sitolo ina pa Lirangwe, ndipo wa lole uja anazidziwa. Amuna awiriwo, amene chikwatiwire changa sanagwirizanepo ngakhale pa nkhani ya mvula, mwadzidzidzi anayamba kudyera mbale imodzi, alamu apa, alamu apo. Ine n'kumati Mulungu wamva mapemphero anga.

Anadikira tsiku la kubwalo la ndege. Izi inu simungazimvetse. Mtsogoleri wa dziko akamachoka kapena kubwera, amayi tonse tinkatengedwa kukavina. Amayi atcheya a chipani ankayenda khomo ndi khomo, ndipo kukana kunalibe, kaya waviika mphale, kaya mwana watentha thupi. Nsalu ya chipani m'chiuno, khadi pachifuwa, kukwera lole. Ulendo umenewo anatitenga kutatsala tsiku kuti tikayeserere nyimbo, tinagona pa sukulu ina ku Chileka konko. Kutacha anatindandalika m'mbali mwa bwalo kuyambira m'mawa, kunja kutayamba kale kutentha, madzi akumwa osaoneka, ndege osabwera. Itatera masana tinavina mpaka fumbi kutseka maso, kuyamikira misewu, mafakitale, nyumba zosanjikizana. Ine ndinali mzere wakutsogolo, poti mawu ndinali nawo, osati kung'ung'udza mumachita inu kutchalitchi masiku anoku. Ndikamakumbuka zimandiwawa mpaka lero. Ine kukhosi gwa, kuyimbira chitukuko, pomwe chitukukocho chili m'munda mwanga ndi mapiki.

Lole inatitsitsa pa Lirangwe dzuwa litapendeka. Ndikuyandikira mudzi ndinaona kuti kumwamba kwasintha, pakuyera pamalo pomwe sipayenera kuyera. Bwemba kulibe. Ndinathamanga ndi nsalu ya chipani yomweyo. Ndinapeza mtengo utagona pansi, nthambi atazidula kale kuti zikhale nkhuni zootchera. Chulu anali atachiboola pakati, aganyu ali m'matope mpaka m'mawondo, chiswe chili ponseponse, nkhuku za mudzi wonse zikuchita phwando. Pa tsamba la nthochi anaikapo make wa chiswe, chinthu choyera, chonenepa kuposa chala chachikulu cha mwamuna, chikugwederabe. Amayi anandiuza kalekale kuti ameneyo akatuluka, chulu chafa. Anayambira dala kukumba iyeyo, kuti ndikabwera pasakhalenso chokambirana.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

A Wadisoni osandiyang'ana kumaso. "Chemwali, mtima pansi. Nkhaniyi takambirana akuluakulu."

"Akuluakulu ake ati? Amayi anasiyira inu chulu chimenechi?"

"Ine ndine mwini mbumba."

"Mwini mbumba amasunga, sagulitsa!"

Agogo anu anabwera akupukuta manja pa kabudula. "Amake Esinati, anthu akumva. Komanso taonani nsalu mwavalayo, musakuwe zambiri."

Kudziyang'ana, zoonadi. Nkhope ya mtsogoleri ili pamimba panga, ine ndikutukwana chitukuko pamaso pa aganyu osawadziwa kwawo. Ndinatseka pakamwa. Ndinatola make wa chiswe uja n'kukamukwirira m'mphepete mwa munda, kaya ndinkaganiza kuti adzuka. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, ndipo ena anandiseka kuti taonani mayi uyu akulirira dothi.

Chikombole choumbira anakhoma okha agogo anu, ndi matabwa a bokosi lomwe anachoka nalo ku bwalo la ndege. Thabwa limodzi la m'mbali linali ndi mng'alu, ndiye njerwa iliyonse inkatuluka ndi kamzere kotukuka pambali, ngati mphini zomwe zinali pankhope pa amayi anga. Ndikamapita kotunga madzi ndinkaziona zitayanikidwa padzuwa, mizere mizere, zonse za mphini. Uvuni woyamba unapsa ndi bwemba wanga yemwe. Lole ya buluu inabwera, inapita, inabweranso. Wayilesi ya a Wadisoni inayamba kulira kuyambira m'mawa mpaka mabatire kutha. Kwathu kunabwera matumba a chimanga, nsapato za Esinati, ndi malata angapo omwe anawaimika kuseri kwa nyumba kudikira makoma. Sindinama, chaka chimenecho tinadya, ndipo agogo anu anayambanso kuyenda mutu uli m'mwamba.

Mvula yoyamba itagwa ndinadzuka m'mawa n'kutenga tsache, ndinafika mpaka pakati pa munda ndisanakumbuke kuti kulibe kosesa. Ngumbi zinatuluka pa zulu za anzanga, ine ndinakapempha kambale kwa mnansi. Ine, mwana wa mwini chulu chachikulu m'dera lonse lino! Dengu langa linakhala pakhoma nyengo yonseyo, ndipo bambo wa tayi uja kaya anagula kwa yani.

Chilimwe chotsatira uvuni wachiwiri unapita. Wachitatu, wanga uja, utangozizira, wa lole anabwera ndi nkhani yoti wapeza ntchito yomanga sitolo yaikulu, njerwa zamuchepera, athandizidwe, wachinayi ndiye udzakhala wa mayi. Agogo anu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali, lole inadzaza. Wachinayiwo kunalibe. Chulu chinatha, anakumba mpaka pansi, anafika pa dothi la mchenga lomwe njerwa yake imanyenyeka m'manja. Wa lole analifinya kamodzi, anasasa m'manja, n'kufunsa njira ya kumudzi wina. Sitinamuonenso.

Ndipo si ife tokha. Anthu ataona wayilesi ya a Wadisoni, zulu za mudzi uno zinayamba kugwa chimodzichimodzi. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inathera m'mauvuni, mchenga wa mumtsinjemo nawo unakwera malole. Mumadandaula kuti kuno kulibe mthunzi, kuti mphepo ikusasula madenga. Mthunzi wanu uli ku Ndirande, pitani mukaufunse. Malata athu aja tinagulitsa limodzilimodzi chaka chomwe mvula inadula msanga, chaka choti mapira a pachulu akanatipulumutsa. Dzenje linadzaza madzi, udzudzu unapeza mudzi, ndipo mbuzi yanga ya bere inamira momwemo. Ndiyo damu yanu mumanyadirayo.

Ndinayamba tomato wa kudimba, poti kungokhala kunalibe. Tsiku lina ndili ku Ndirande, tomato atatsala pang'ono mu dengu, kunabwera chimvula champhepo. Ndinathawira pakhonde la sitolo ina yatsopano, yaikulu, ya magalasi. Kumaso kwake anali atapaka pulasitala ndi penti, koma khoma la m'mbali linali lisanapakidwe. Nditatsamira, dzanja langa linakhudza kanthu. Kuyang'ana, kamzere. Njerwa ya pamwamba pake, kamzere. Khoma lonse mpaka kudenga, mphini zokhazokha. Ndinayala chikhato pakhomapo, ndipo chamumtima ndinati, amayi, kodi muli kuno?

Ndiye kunatulukira mlonda ndi chibonga chake.

"Mayi, chokani apa. Dengu lanulo likutchinga makasitomala."

"Bambo, mvula ikangosiya ndipita."

"Abwana salola amalonda pakhonde pano. Mudetsa khoma."

"Ndidetsa khoma? Khoma ili ndi chulu cha amayi anga ili!"

Anandiyang'ana poyesa kuti mutu wanga sukuyenda bwino, ndipo sindimuda, nanenso ndikanakhala iye ndikanaganiza chimodzimodzi. Mwinanso anali wa kumudzi wina kumene lole yomweyo inadutsa. Anangoloza kumsewu ndi chibonga chija. Ndinatuluka pamvula. Pakona pa sitoloyo panali mulu wa zotsala za amisiri, mchenga ndi zibenthu, ndipo pamwamba pake panali njerwa imodzi yathunthu, yongobenthuka pang'ono kunsonga. Ndinaitola mlonda akuona, ndinaiika mu dengu pamodzi ndi tomato wotsala uja, n'kusenza. Pokweza dengu m'basi kondakitala anati, "Mayi, mwagula chiyani cholemera chonchi?" Ndinamuuza kuti ndagula nyumba.

Nditafika ndinapeza agogo anu akusema mpini pakhonde. Ndinaitula patsogolo pawo.

"Bambo a Esinati, njerwa zanga za uvuni wachitatu zayamba kubwera. Yambani kukumba maziko."

Anaitola, anaitembenuza, chala chawo chinayenda pa kamzere kaja. Ine ndinali nditakonzeka kukangana, mawu ndinali nditawasanja bwinobwino kuchokera ku Ndirande mpaka pa Lirangwe. Koma bambo aja anangofunsa motsitsa, "Mwaipeza kuti?" Ndinawauza zonse, ndi za mlonda zomwe. Tsiku limenelo chakudya sanachikhudze.

Kutacha ndinamva kukhoma kuseri kwa khola. Pamenepo panali kachulu kakang'ono kosafika m'bondo, koti tinkangokaponda popita kothyola nkhwani. Ndinawapeza agogo anu akumanga mpanda wa mitengo ndi minga kuzungulira kachuluko, kuti mbuzi ndi ana asamakwerepo. Pepani sananene, amuna a nthawi imeneyo mawu amenewo ankawatsamwa. Koma kuyambira tsiku limenelo mpaka kudwala kwawo komaliza, mpanda umenewo sunagwepo. Mtengo ukafumbwa, mawa lake pali wina.

Chulu sichikula ngati Ndirande. Chimakwera pang'onopang'ono, chaka chino chikhato, chaka chamawa mwina osaona n'komwe kusintha. Esinati anakula, anakalowa ntchito yosoka ku Limbe, ndipo ndi makina a m'tauni omwewo amene anakuphunzitsani sukulu inu awiri, zimenezo sindikana. Chipani chija chinatha mphamvu, nsalu zija tinaberekera ana mpaka kung'ambika. A Wadisoni anamwalira, wayilesi yawo itafa kalekale, nkhuku zikuikira mazira pamwamba pake. Kachulu kaja kankangokwerabe. Ngumbi zoyamba zodzaza mtsuko zinatuluka ndi mvula yomwe inagwa titangowaika m'manda agogo anu. Anachisamala zaka zonsezo koma sanalaweko ngakhale imodzi.

Ndiye dzulo ndikusuzumira kuseri, ndikuona mdzukulu wawo weniweni atagwira nsonga ya tepi, mlendo atagwira inayo, akuyeza chulu chomwecho. Mtima unandiwawa kuposa tsiku la kubwalo la ndege lija.

Ndikudziwa zomwe wakuuza, Madalitso. Wati tauni yafika kale pa Lunzu, ku Chileka minda yasanduka mapuloti, mukachedwa mudzalira. Wati aumba njerwa, asalaza apa, amanga nyumba za lendi, iwe ugula njinga yamoto yachiwiri, agogo awamangira nyumba yabwino. Eya, ndi imeneyonso ndinaimva kale. Mwina pa za tauniyo sakunama, ikubweradi, malata ake ndimawaona akunyezimira kumene kale kunali mapira. Ndikudziwanso kuti kabaza wakoyo akukudyetsa chifukwa cha anthu opita m'tauni omwewo, mmene dengu linkandidyetsera ine. Sindikukuletsa kugulitsa. Gulitsa tomato, gulitsa nkhuku, nyamula anthu mpaka matayala athe, zimenezo mawa zimapezekanso. Koma chulu chikakwera lole sichibwerera, ine ndinachita kukatenga ndekha, ndipo mwamva kukula kwa zomwe ndinabwera nazo.

Komanso iwe ndiwe mlongo wake wa Tiyamike. Amalume ulibe, ndiye mwini mbumba wa mawa ndiwe. Chulu chimenecho si chako, n'cha wa foniyu ndi ana ake, ngakhale mwini wakeyo sadziwa kusiyanitsa ngumbi ndi mphemvu. Usaseke Tiyamike, ndikunena iweyo, ndiwe woyenera kukuwa wina akamayeza chulu chako, osati nkhalamba ngati ine. Ndinaonapo kale mlongo akusinthanitsa chulu ndi wayilesi, ndipo sindikufuna kuonanso ndi maso omwewa.

Taonani uko, mitambo yayamba kusonkhana ku Michiru. Mawa m'mawa Tiyamike utenge tsache, ndikakuonetse posesa ndi pokwirira mtsuko, ndipo agang'a akakuluma usadzandilirire. Madalitso ukadule timitengo ndi masamba a nthochi. Wa nsapato zosongokayo akabwera, umuuze kuti agogo ati adikire mvula, adzagule ngumbi pambale ngati anzake onse. Akazikonda adzabwerenso chaka chamawa, adzazipeza.

Tsopano dzuka, pita pomwe waimika njinga yakoyo. Chomwe umaika pansi pa sitandi kuti isatitimire mumchenga, tabwera nacho kuno. Eya, chimenecho. Tachipukuta oyilo wakoyo. Yendetsa chala pambali. Wakamva kamzereko?

Nyumba ya njerwa yomwe agogo ako anandilonjeza ndi imeneyo, yonse, ndipo iwe tsiku ndi tsiku umaimikapo njinga. Kaiike pansi pa bedi langa, ndipo tepi ija ndisadzaionenso pakhomo pano.